A Simbi ndi kabuku ka madandaulo

Tonse pa parishi pano tinkawatchula kuti a Simbi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndiwo ankasita nsalu za paguwa Loweruka lililonse. Anakulira kwa azakhali awo ali mwana wamasiye, ndipo kumeneko anaphunzira msanga kumeza misozi. Amuna awo atamwalira, analera okha ana anayi. Ukawapatsa moni, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, Ambuye ngabwino." Tinkawaseka kuti ngakhale denga litawagwera, adzayankha zomwezo ali pansi pa malata.

Atakalamba anawapeza ndi khansa yotupitsa anabele m'khosi ndi m'khwapa. Inazilala ndi mankhwala, koma inabweranso kawiri. Apo madokotala anawapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a m'diripi, othandiza asilikali a m'thupi kusaka khansayo. Anavomera, ndipo ine ndinkawaperekeza Lachiwiri lililonse kuchipatala, kuchipinda cha mipando isanu ndi zenera limodzi.

Namwino ankafunsa ngati thupi likutentha kapena akumva chizungulire. Iwo yankho lomwe lija. Pa sabata yachinayi namwinoyo anaona manja awo akunjenjemera pansi pa juzi, ndipo anaika cholembera pansi.

"Mayi, mukabisa, ife tilemba kuti mankhwalawa savuta. Mawa tidzapereka mlingo womwewu kwa wina wofooka kuposa inu, ndiye angathe kufa nawo."

Titabwerera pakhomo pawo, a Simbi anati, "Achemwali, ine ndimayesa ndikupirira. Kani ndimanama?"

Tsiku lomwelo anagula kabuku ka ana asukulu n'kuyamba kulemba chilichonse: kutentha thupi, zilonda m'kamwa, ola limene zinayamba. Ankati singano inali yosavuta, chinkawavuta n'kudandaula.

Mankhwalawo anawapatsa zaka ziwiri zina. Anatisiya mwakachetechete Loweruka masana, atalandira masakramenti komanso atafunsa ngati nsalu zasitidwa. Pamaliro namwino uja anatinong'oneza kuti zolemba zawo zinathandiza nawo kuti mlingo woyambira uchepetsedwe, ndipo odwala amene anabwera pambuyo pawo sanavutike chimodzimodzi.

Ndimawasowa kwambiri, makamaka ndikamva fungo la nsalu yotentha m'sakristiya, mosungira zovala za Misa. Ambuye awalandire m'kuwala kwawo. Kabuku kaja ana awo anandipatsa ine, ndipo tsamba lomaliza likuti: "Miyendo yatupa. Msana ukuwawa. Chakudya sichikulowa. Sindili bwino. Ambuye ngabwino."