Botolo Lomwe Ndinakhutchumula

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira makiyi a nyumba ya mzungu wogula thonje ku Chikwawa. Vinyo wake wofiira wa ku Sipeni ankabwera pa sitima mumtsinje wa Shire, ndipo wothira patebulo ndinali ine. Kwa ine vinyo anali vinyo basi, wowawasa yenseyo.

Kenaka kunabwera Msena wina wochokera kwa Apwitikizi, ati adzandithandize. Munthuyo anali ndi mphuno, ndisaname. Akangonunkhiza chitsekero ankauza bwana kuti uyu ndi wa kuchigwa cha kumpoto, wofewa, wonunkhira mgolo wamatabwa umene anagoneramo. Winayu, ati, ndi wa kumtunda kozizira, wakuda bii, wogwira lilime ngati nthochi yosapsa. Mphesa n'zimodzimodzi, ankatero, koma dothi ndi dzuwa n'zosiyana. Bwana ankaseka mpaka mano onse kunja. Ine ndili chilili ndi mbale m'manja, mtima ukuwira. Ndinamuda mnzangayo, ndipo ndinaona kuti makiyi anga akupita.

Tsiku lina kunkabwera alendo kudzadya masana. Msenayo anatulutsa botolo lakale la kuchigwa kuja, n'kuliimika pakona masiku awiri.

"Nkhabe, shamwali, musalikhudze limenelo," anandiuza.

Ndinati mumtima, akufuna akathire yekha kuti amutame. Alendo atakhala, ndinamuzembera n'kulitenga. Poliyang'ana padzuwa ndinaona nsenga zadikha pansi. Ndinaseka. Kodi katswiri uja sadziwa zimenezi? Kwathu kwa Lundu mowa supatsa mlendo usanauvundule, pakuti mphamvu yake imakhala pansi, ndipo kumupatsa wapamwamba wokhawokha n'kumunyoza. Ndinalikhutchumula botololo ndi manja awiri, n'kukathira monyada.

Vinyo anatuluka ngati madzi a Shire m'dzinja. Mlendo wina analavulira m'kansalu. Bwana nkhope inafiira.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ndinaganiza za ana anga anayi.

"Ndine, bwana," anatero Msena uja ali pakhomo. "Linandipulumuka m'manja."

Bwana anamuyang'ana, anapukusa mutu, kenaka n'kuseka, nati abweretse lina. Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikanakhala ine, ndikanamanga katundu tsiku lomwelo.

Makiyi ndinakhala nawobe zaka zina zitatu. Msenayo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinamuthokoze. Ndinkati ndikatsegula pakamwa kuti ndinene zikomo, nsanje inkandiletsa. Mphuno ija ndinali nditamukhululukira kale, koma mtima wake wabwinowo unandikanika.