Mkamwini Wonyamula Mawu

Amayi anali ndi akamwini awiri, koma mukanawamva akudzitama pachitsime mukanati ali ndi mmodzi yekha. Mwamuna wa mng'ono wanga ndiye anali mkamwini. Wanga ankangomuona ngati khasu lawo.

Amuna anga anabwera kwathu ku Mitundu monga mwa mwambo. Anamanga kanyumba kuseri kwa amayi, nalima munda wa amayi, chaka ndi chaka akufolera chigafa cha fodya wa amayi. Alamu anga, amuna a mng'ono wangayo, sanagwirepo mpini pamudzi pathu. Anali bwana wamkulu ku Lilongwe, mu ofesi ina ya boma imene masiku a chipani chimodzi aja sitinkaitchula pakamwa, ya anthu omwe ntchito yawo inali kudziwa zimene ena alankhula. Mng'ono wanga anakamukhazika m'nyumba yamagetsi. Akabwera kudzationa ankatsika galimoto ndi nsapato zogogoda, khungu lili see, ine ndili mbuu ndi fumbi la kudimba. Nsanje ndinali nayo, sindibisa. Tinayamwa bere limodzi, ndipo kusukulu wanzeru ndinali ine.

Mwambo umodzi wokha alamu ankausunga, wa kuopa apongozi. Sankayang'anizana ndi amayi, sankalankhula nawo. Akakumana panjira ankapatukira kutchire, suti ndi tayi zomwe, ndipo amayi ankasimba zimenezi mudzi wonse. Mawu awo onse ankadzera mwa mkazi wawo. Amuna anga okha amayi anali atawaphera nkhuku kalekale kuti manyazi athe azilankhulana, poti munthu amene sulankhula naye sungamutume ntchito.

Loweruka lina masana alamu anabwera okha, mng'ono wanga ali ndi pakati potopa. Anaitanira amuna anga kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali pafupi ndikuswa mtedza, ndipo ndinamva ndi makutu anga.

"Achimwene, kawauzeni apongozi kuti alongo awo a ku Nathenje asapezeke pakhomo sabata ikubwerayi. Akubwera kudzawatenga. Musandifunse zambiri."

Alongo a amayiwo ndiwo atsibweni athu, eni mbumba. Mlandu wawo unali pakamwa. Ananena pamaliro ena kuti alimi a fodya akulimira ena, ndipo wina anakazitula kumene ankatula.

Amuna anga anakagwada pakhonde n'kuwauza amayi. Amayi sanachedwe. "Bambo, tengani njinga." Amuna anga anapalasa ulendo wa ku Nathenje dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pamsika aliyense akuwaona. M'mawa mwake atsibweni anali atalowa m'nkhalango ya Dzalanyama, kuthawira kunja kwa dziko. Odzawatenga aja anapeza loko pachitseko.

Sipanapite nthawi mng'ono wanga anatulukira, maso ali psuu. Anatisonkhanitsa m'nyumba mwa amayi, nayang'ana ine.

"Achemwali, zinthu zavuta. Kuofesi akufufuza amene anaulula chinsinsi, ndipo ankachidziwa ndi akuluakulu ochepa okha. Bambo a kwathu awauza kuti iwo ndi amayi salankhulana, mudzi wonse ungachitire umboni. Amene anthu anawaona akunong'oneza amayi n'kukwera njinga ndi alamuwa. Angovomera kuti anamvera pambali, bambo akucheza ndi mnzawo wa kuntchito m'galimoto. Akakhalako sabata imodzi yokha, bambo akawatulutsa okha."

Mtima unandiwira. "Iwe, wako ndiye munthu, wanga ndi galu? Anayambitsa nkhaniyi ndani? Akavomere yekha, si ndiye bwana?"

"Chete iwe," anatero amayi. "Akagwa uja tonse tapita. Ana awa sukulu awalipirira ndani? Feteleza atigulira ndani?"

Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina akana. Anali akupotokola chipewa chawo m'manja. "Njinga ndinapalasa ndine, apongozi. Ndikanena choncho."

Anawatenga pagalimoto yopanda mazenera. Sabata ija inasanduka miyezi, miyezi n'kusanduka zaka. Mwana amene ndinali naye kumsana anayamba sukulu asakuwadziwa bambo ake. Anzanga a kumpingo ankati akandiona asinthe njira, poopa kuti angawawerengere pamodzi ndi mkazi wa chigawenga. Alamu sanafunsidwenso kanthu. Anawakweza pantchito, akuti chifukwa sanaikire kumbuyo ngakhale wachibale, kenako anawatumiza kukagwira ntchito kunja. Ndikafunsa za lonjezo lija, mng'ono wanga ankayankha kuti nthawi yake sinakwane. M'malo mwake ankanditumizira madiresi amene watopa nawo. Ndinkavala, nanga ndikanatani, koma chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ankandikhala bwino kuposa mwini wake.

Amuna anga anabwerera miyendo itatupa, mano akutsogolo palibe. Za kumene anali sanandiuzepo. Anapuma pang'ono n'kubwerera kumunda wa amayi, akulima chokhala pansi pomwe miyendo yakana.

Kenako dziko linayamba kutembenuka, ndipo othawa anauzidwa kuti abwerere kwawo. Atsibweni anatulukira ali ndi imvi, atanenepa. Kunakonzedwa phwando ku Nathenje, mbumba yonse inapita. Alamu nawo anali atabwerako kunja, tsopano akulankhula za ufulu kuposa aliyense. Anawakhazika pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, mkazi wawo pambali. Ife tinali pamphasa, m'mbali mwa nyumba.

Atsibweni anaimirira. "Abale anga, ine ndili moyo chifukwa cha mkamwini uyu. Anali m'kati mwenimweni mwa boma, koma anaika moyo wake pachiswe kuti anditumizire mawu."

Nthungululu zinalira. Ndinadikira kuti alamu aimirire anene kuti pachiswe anaikapo munthu wina, ndipo munthuyo ali pomwepa. Anaimiriradi. Anakonza tayi n'kunena kuti masiku amenewo kulimba mtima kunali kosowa, koma iwo sakanachitira mwina. Chinsinsi chomwe anachikana pamene chinali ndi ndende, lero anachilandira ndi manja awiri. Mng'ono wanga anapukuta misozi ndi kampango koyera. Amayi ankavina.

Anabweretsa tonde wamkulu wa mphatso, akukoka chingwe mwamphamvu. Atsibweni anamwazamwaza maso.

"Mkamwini winayo ali kuti? Abwere akweze mbuziyi m'galimoto ya bwana."

Amuna anga anayamba kudzuka, akutsamira chipupa. Ndinawagwira malaya. "Khalani pansi," ndinatero. "Mukapita ine ndikuwa pompano."

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Mayi, anthu akuona."

Anapita akukoka miyendo, ndipo anthu anawapatukira kuti adutse.