Amayi Anga Anali mu Akaunti ya Pemphero

Anzanga, ndinakumana ndi Pemphero chifukwa cha kalaputopu kakang'ono, taja amati netbook. Achimwene anga a Faruk anandisiyira popita ku Joni. Kankachedwa moti ukakayatsa unkatha kupita kumjigo n'kubwerako kasanadzuke.

Koma kukataya sindikanatha. Munali mavidiyo a malemu amayi anga: akuvina pa ukwati wa a Faruk, akukangana ndi kasitomala pa okala yathu ku Lirangwe, akundizazira chifukwa chopsereza mpunga. Foni yomwe inajambula inabedwa kalekale. Kwina kulikonse kunalibe.

Ndinapita nako ku Chileka, pa benchi yake yokonzera mafoni.

"Asisi, kameneka sikanafe," anatero. "Windows ndi imene ikukalemera. Mwasenzetsa mwana thumba la feteleza."

Ndinaseka. Apa ndi pomwe ndinagwera.

Anatulutsa ma flash okhala ndi ma system opepuka. "Tizingolawa kaye. Za mkati sitikhudza."

Loweruka lililonse ndinkapita kukalawa. Ababa ndinkawauza kuti ndikukapikula katundu.

System yoyamba, Puppy, inali yonyansa nkhope koma yachangu, ndipo inkagwira ntchito popanda bundle. Lubuntu inali yaulemu, yofananako ndi Windows, kungoti ukatsegula ma tab ambiri inkayamba kupuma movutikira. Ina inali ya Chrome, yosalala, yoyaka msanga, koma yokonda intaneti. Zinthu zako imafuna zizikhala pa cloud, malo osungira a pa intaneti.

Tisanamalize kulawako, "asisi" anali atasanduka "iwe". Poti ndine Msilamu, nthawi ya swala ikakwana ankazimitsa nyimbo osauzidwa. Anati wasiya nkhumba chifukwa cha ine... kapena ndi momwe ankanenera. Ndinamukonda, anzanga, sindibisa.

Ine ndinasankha Puppy.

"Kwathu netiweki imabwera ikafuna," ndinamuuza. "Komanso iyi ikutsegula mavidiyo a amayi pomwe ali."

"Tahira, disk iyi ikulira, sukuimva? Tsiku lina ifa, amayi afera momwemo kachiwiri. Pa cloud sipalowa chiswe, sipalowa mbava."

Mawu amenewo anandilasa. Vuto linali loti akaunti yanga ya pa cloud inali itadzaza.

"Tiika mwanga, muli malo ambiri. Ndikupanga share. Changa n'chako."

"Bwanji tisungenso pa flash?"

"Ndikukopera sabata yamawa, usadandaule."

Anakweza zonse, mavidiyo a amayi pamodzi ndi zithunzi zanga. Kenaka anaika Chrome ija, ndipo inasesa disk yonse monga anali atandichenjezera. Sabata yamawa ija sinafike. Nane ndinasiya kufunsa, poopa kuoneka ngati ndikumukayikira.

Kunena zoona kalaputopu kanachira. Ndikakhala ndi bundle ndinkakwera pachulu kuseri kwa nyumba, ababa ali pambali panga, n'kumamvera amayi akundizazira.

Tsiku lina masana ndinatsegula, folder ya mavidiyo kulibe. Ndinayesa netiweki, ndinayesa bundle. Ndinaimbira Pemphero, osayankha.

M'mawa mwake ndinali ku Chileka. Pampando womwe ndinkakhala ine panali mtsikana wina, akumusungira ma charger ngati mwini malo. Pemphero atandiona anandikokera kuseri kwa mashopu.

"Usapange phokoso, please. Uyo ndi Duwa, wa kutchalitchi kwathu. Chinkhoswe chili mwezi wamawa."

Chinkhoswe! Koma si zimene ndinadzera.

"Amayi anga ali kuti?"

"Anapeza zithunzi zako mu akaunti. Ndinamuuza kuti ndiwe kasitomala basi. Ndiye akuti, ngati ndi kasitomala fufuta ndikuona."

"Ndiye unafufuta zithunzi zangazo?"

Anayang'ana pansi. "Folder yonse."

"Mu trash?"

"Anaima pompo, Tahira. Namonso ndinachotsa."

Sindinakuwe. Ndinangomva fungo la chips kuchokera pa chiwaya, n'kumadabwa kuti anthu akudyabe.

"Sorry kwambiri," anatero. "Ubwere nako, ndikuikire Puppy ija ulele."

Ndinamuyang'ana mpaka anasowa poika maso. Ndinakwera kabaza, ndipo ndinalira njira yonse.

Ndinapita nako kalaputopu kwa okonza ena ku Blantyre. Anati disk inalembedwa kale zina pamwamba, palibe chotola. A Faruk ku Joni alibe ngakhale kavidiyo kamodzi.

Za Duwa zinandipweteka, koma chibwenzi chimatha, mtima n'kupola. Chimene sindimukhululukira n'choti anali ndi nthawi yosankha. Akanachotsa nkhope yanga yokha, n'kusiya mayi wachikulire akuvina pa ukwati wa mwana wake. Iye anasankha kuti aoneke woyera msanga.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anzanga. Chinthu chimene ulibe china, usasunge m'nyumba yomwe kiyi wake ali ndi munthu wina, ngakhale azikutchula dzina mokoma bwanji.

Ababa sindinawauzebe. Akudziwa kuti kalaputopu kali kokonzetsa.

Dzulo tikutseka okala anandiitana.

"Tahira, uwauze anyamata akowo afulumire. Ndikufuna ndimveko mawu a mayi ako tisanalowe Ramadani."

Ndinati, "Chabwino ababa, ndiwauza."