Ndinabwereketsa dzina langa kwa kompyuta

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri la sabata yachiwiri ya mwezi wa Malichi chaka chino, ndipo kalata yake ndili nayo, yodindidwa ndi ofesi ya bungwe lathu la alimi pa Kasungu boma. Ndayambira pa tsiku chifukwa ena akumati ndine nkhalamba yongokonda zolongolola. Inu owerenga, tsoka langa ndi lakuti ndinabwereketsa dzina langa, ndipo mpaka lero silinabwerere lonse.

Ndimalima fodya cha ku Chamama, ndipo ndimagulitsa kudzera m'kalabu. Kwa amene simudziwa, mabelo a kalabu amapita ku msika pa nambala imodzi. Mmodzi akabisa zinyalala kapena fodya woola m'kati mwa belo, chilango chimagwera tonse. N'chifukwa chake m'kalabu dzina la munthu ndi chinthu chachikulu.

Chaka chatha bungwe linayamba kulemba zonse pa intaneti. Pamsonkhano wina kunabwera a Kamanga, bambo amene ankapanga pulogalamuyo, ndipo anapempha mapepala a mlimi mmodzi kuti aone mmene zinthu zimalembedwera. Anzanga anangoyang'anana, popeza mapepala awo amakhala m'thumba limodzi ndi mbewu. Ine ndinaimirira n'kupereka anga, osapindika ngakhale pangodya. Anakopera dzina langa, nambala ya foni yanga, dzina la kalabu ndi nambala ya a tcheyamani athu, a Mbewe. Sindinafunse kuti akazichita chiyani. Ndinakhala pansi ndikumva kukoma.

M'Malichi muja foni inalira ndili m'chigafa. Uthenga unati belo langa labwezedwa chifukwa mwapezeka zinthu zosayenera. Ndinayang'ana m'mwamba. Fodya wanga yense anali lende pamikangala, msika usanatsegulidwe n'komwe. Poyamba ndinaseka, koma madzulo a Mbewe anafika panjinga ndi uthenga womwewo pafoni yawo. Iwo sanaseke.

Ndinalemba kalata, ndinapita nayo ndekha ku boma. A ku ofesi anati ndi kompyuta yalakwitsa, a Kamanga anasamukira ku Lilongwe, koma akonza. Uthenga wa belo unasiyadi. Kenaka kunabwera wina wakuti ndachotsedwa m'kalabu. Ndinalembanso, anati akonza. Kunabwera wina wakuti ndasintha mudzi. Uliwonse unkafikanso kwa a Mbewe, ndipo a Mbewe foni yawo amawerengeredwa ndi aliyense amene ali pafupi. Ku tchalitchi anthu anayamba kundipatsa moni wamfupi.

Womaliza ndiye unandifoola. Mmawa wina tikusankha fodya ndi mayi a kunyumba, tinaona a Mbewe akubwera akukankha njinga pang'onopang'ono, atavala jekete, chipewa chili kumanja. Atandiona anaima chilili. Uthenga umene unafika pafoni yawo unawapepesa pa imfa ya membala wawo, ndipo membalayo ndinali ine.

Mayi a kunyumba anawayang'ana n'kunena kuti, "Khalani pansi achimwene, malirowo ndi awa akusankha fodyawa. Chipepeso mungopereka kwa ine."

A Mbewe anaseka pang'ono, koma asanachoke anandiuza zimene kalabu inagwirizana. Mabelo anga sakwera lole limodzi ndi a anzanga mpaka ofesi italemba kalata yonena kuti belo langa silinabwezedwepo. Anati za imfa aona okha kuti ndi bodza, koma za belo palibe amene angaone ndi maso.

Ulendo wotsatira ndinakana kuchoka pa ofesi mpaka nditaonana ndi amene amagwira makinawo. Anandilowetsa kwa Mayi Nyasulu, ochokera cha ku Nkhamenya, amene analowa m'malo mwa a Kamanga. Ndinapita nditakonzeka kukalipa, koma chimene chinkandivuta kwambiri mumtima chinali funso. Kompyuta sindinailakwire, nanga inkandidziwa bwanji? Ndipo bwanji akati akonza, bodza limatulukira pena?

Anandikokera mpando pafupi ndi iwo. Anandifotokozera kuti pulogalamuyo ili ndi zipata zambiri, chilichonse ndi ntchito yake: china cholembera mlimi watsopano, china cholandirira belo, china chobwezera belo, china chochotsera membala, china cholembera imfa. Munthu akasintha kanthu m'pulogalamu, kompyuta imayesa yokha zipata zonsezo, kuti aone ngati sanaononge china pokonza china. Poyesapo pamafunika mlimi wongoyerekezera woti adutse pachipata chilichonse, abwezeredwe belo, achotsedwe, amwalire. Mlimi ameneyo a Kamanga sanamupeke. Anatenga ine.

Ndinafunsa chifukwa chake sanangondifufutamo tsiku loyamba lija. Mayiwo analemba dzina langa pamalo ofufuzira, ndipo linatuluka mizeremizere mpaka pansi, iwo akutsitsa, ilo likubwerabe. Ndinavala magalasi. Penapake linalembedwa lonse, pena chidule, pena molakwika. A Kamanga ankati akalemba mayeso a chipata chimodzi, amakopera onse n'kukaika pachipata china, kusintha mawu awiri atatu basi. M'mayeso aliwonse munkafunikanso mzere wouza kompyuta kuti uthenga usatumizidwe kwa munthu weniweni, popeza n'zoyeserera. Mzere umenewo pena anaukopera, pena anauiwala. Ndikadandaula, a ku ofesi ankakonza malo amodzi amene ndatchula, enawo n'kutsala akundidikira.

Apa ndinatsutsa, chifukwa ine ndine munthu wa makope. Kalata iliyonse ndimasunga ziwiri, ina m'sutikesi, ina kwa mwana wanga. Ndinawauza kuti kuchuluka kwa makope ndiye chitetezo.

"Adada, kalata yanu ikalembedwa yatha, sisinthanso," anatero. "Koma chinthu chimene mudzafune kusintha mawa, mukachilemba malo ambiri, mawalo mudzaiwala amodzi."

Apa ndinakumbukira jeke, chopanikizira fodya m'bokosi. Pomanga mabelo sitikhoma bokosi latsopano pa belo lililonse. Bokosi ndi limodzi, ndipo likakhota timakonza lomwelo, mabelo onse otsatira n'kutuluka owongoka. Nditawauza zimenezi anati ndi zomwezo, ndipo anandionetsa ntchito imene anali ataiyamba kale. Mlimi woyeserera tsopano amalembedwa malo amodzi, ndi dzina lopeka ndi nambala yosalira pafoni ya munthu aliyense. Kutseka mauthenga kumachitikanso malo amodzi, mayeso onse asanayambe. Ngakhale mafunso amene chipata chilichonse chimayenera kufunsidwa, monga lakuti kodi mlendo wopanda chilolezo akukanizidwa, anawalemba kamodzi, chipata chilichonse n'kumangowaitana.

Ndinafunsanso kuti nanga malo amodziwo akalakwika, si ndiye kuti zonse zalakwika? Anavomera, koma anati zikatero mayeso onse amagwa nthawi imodzi, munthu n'kuona pomwepo, kusiyana ndi cholakwa chobisala pakona imodzi chimene chimadziwika ndi mlimi wa ku Chamama yekha. Anawonjezera kuti sanaphatikize zonse. Chimene chili cha chipata chimodzi chokha anachisiya pomwepo, cholembedwa poyera, kuti wobwera pambuyo pawo asamachite kusakasaka.

Ndinapempha kuti ndione ndi maso. Anadina, ndipo timizere tobiriwira tinayamba kutsika. Mlimi wopekayo analembedwa, anabwezeredwa belo, anachotsedwa, anamwalira, zonse m'kanthawi kochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Foni yanga ndinali nditaiika patebulo. Sinalire. Ndinawapempha abwereze, ndipo sinalirebe. Ndinamumvera chisoni pang'ono munthu wosaonekayo, chifukwa ntchito yake ndinaigwirapo.

Mayi Nyasulu ndinawathokoza, ndipo ndikuwathokozanso pano. Koma kalata si iwo olemba. Nditapita kwa akuluakulu a ofesi, anandiyankha kuti sangalembe kalata yotsutsa chinthu chimene m'mabuku awo sichinachitike. Ndinawauza kuti m'mabuku awo sichinachitike, koma pafoni ya a Mbewe chinachitika, ndipo mudzi wonse unawerenga. Anati ndidikire.

Ndikudikirabe. Malole a kalabu yathu akupita, mabelo anga ali m'chipinda chimene ankagona ana, pamwamba pa matabwa. Mmawa uliwonse ndimalowetsa dzanja pansi pa chiguduli kumva ngati fodya sanayambe kutentha kapena kuchita chuku. Msika sudikira munthu, ndipo nthawi yotseka ikuyandikira.

Inu owerenga, munthu akakupemphani dzina ndi nambala kuti angoonera chitsanzo, mufunseni kuti akaziika pati, ndipo adzazichotsa liti. Akalephera kuyankha, muuzeni apeke lake. Ndipo inu ana athu amene mukupanga zinthu zimenezi, musamakopere chinthu chimodzi malo ambirimbiri chifukwa chofulumira. Lembani kamodzi pamalo odziwika. Kwa inu ndi mzere umodzi woiwalika, koma kwa ine unali jekete la a Mbewe pakhomo panga.

Tsono kwa akuluakulu a bungwe lathu, popeza makalata anga onse munalandira ndi kudinda, ndikupempha mwaulemu, pamaso pa owerenga awa, kuti mulembe kalata yopita kwa tcheyamani wa kalabu yathu, yonena momveka kuti belo langa silinabwezedwepo, kuti sindinachotsedwe, ndiponso kuti ndili moyo. Ndikupempha kuti iwerengedwe pamsonkhano wa kalabu lole lomaliza lisananyamuke, ndipo kope lake mundipatse ine. Nkhaniyi iyankhidwe.