Ndinawadyetsa nyerere achule a madamu

Lachinayi lapitali ndinathamanga kuchokera ku nyumba za mabwana mpaka ku kiliniki ya esiteti, mwana ali kumbuyo, nsapato imodzi nditaisiya m'mizere ya tiyi. Amene munandiona ndikudutsa osapereka moni, pepani. Chinandithamangitsa ndi chule. Chule wake wosaposa chala changa chachikulu.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa Mayi Chirwa, amene anabwera chaka chatha kudzayang'anira za kufakitale. Pabalaza pawo pali bokosi lagalasi, m'kati muli timitengo, masamba onyowa ndi achule asanu amene anabwera nawo kuchokera kunja kumene ankaphunzira. Atatu ndi abuluu wa madontho akuda, awiri ndi achikasu. Kukongola kwake, inu, ngati wina anawapaka penti ya m'sitolo n'kuwapukuta ndi mafuta.

Tsiku loyamba ndinafunsa mumtima: munthu kuweta chule? Nkhuku umadya mazira. Galu amauwa. Nanga chule? Pakamwa sindinafunse. Madamu anangoti ndisawagwire, ndipo kachitseko kagalasi ndizitsegula podyetsa pokha. Ine ndinati chabwino.

Sabata yathayi anapita ku Blantyre masiku anayi. Anandisiyira botolo lopoperera madzi m'bokosimo m'mawa ndi madzulo, ndi kabotolo kena ka tintchentche tosauluka, timene amatiswetsa okha. Ndiko kudya kwa achulewo. Tintchentche take ngati fumbi. Ndikathira, achule amatola ndi lilime n'kumandiyang'anabe.

Ndine mayi. Chinthu chikakuyang'ana chotero utachipatsa chakudya, umadziwa kuti sichinakhute.

Kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mapeyala, pali nyerere zambiri. Ndinatapa pang'ono ndi tsamba n'kuthira m'bokosi. Anadya! Wachikasu wina mpaka anadumpha mnzake. Ndinasangalala, ndinati madamu akabwera apeza ziweto zawo zitanenepa. Ndinachita zimenezi Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu.

Mwana wanga Tadala ali ndi zaka ziwiri, ndipo ndimapita naye kuntchito chifukwa bambo ake amathyola tiyi kuyambira m'mawa. Lachinayi ndinamusiya pamkeka n'kutuluka kukayanika zovala. Sindinachedwe, ndithu sindinachedwe. Pobwera ndinapeza wakokera kampando, kachitseko n'kotsegula, chule wabuluu ali padzanja pake, iye akuseka. Ndisanafike, chule analumphira m'kati, ndipo Tadala anaika zala m'kamwa.

Ndinamusambitsa m'manja ndi sopo, ndinamupukuta lilime ndi chitenje, kenako ndinaimba foni. Madamu anayankha modekha. Anandifotokozera kuti achule amenewa kwawo, m'nkhalango za ku Amerika wa kumwera, ali ndi poizoni pakhungu, moti alenje akumeneko ankapaka wa mitundu ina pa mivi yawo. Koma anapitiriza kuti ndisaope.

“Amake Tadala, poizoniyo sabadwa naye. Amamutenga ku nyerere ndi tizilombo tina timene amadya kutchire. Angawo amadya ntchentche zokha, alibe kanthu.”



“Madamu,” ndinatero, “ine ndakhala ndikuwapatsa nyerere.”

Anati ndithamange ndi mwana ku kiliniki, iwo akunyamuka.

Ndi mmene ndinatayira nsapato. Njira yonse ndinkamuyankhulitsa mwana kuti asagone, ndikumufunsa dzina la bambo ake, ndikumugwira mwendo kuti ndimve ngati ukutentha. Ndinkaganiza chinthu chimodzi chokha: poizoni ameneyu ndamuphika ndine, ndi manja anga, ndi chifundo changa.

Anesi atamva nkhaniyi anavula magalasi. Anati pa ntchito yawo aona olumidwa ndi njoka, aona ana omwa palafini, koma wa chule wa m'galasi ndine woyamba. Anamuyang'ana Tadala m'kamwa ndi m'maso, anamumvera mtima, n'kunena kuti tikhale pabenchi mpaka masana, akayamba kusanza kapena kutuluka dovu ndiwaitane msanga. Ndinakhala ndikuwerenga kupuma kwake. Iye ankalimbana ndi nthochi imene mayi wina wa ku Chimaliro anamupatsa. Mayiyo atamva za achule oweta anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati amawapatsanso mayina.

Madamu anafika cha m'ma thu koloko. Anayamba agwira mwana pachipumi, ndipo chimenecho sindidzaiwala. Ndinawafunsa mosabisa ngati nyerere za ku Thyolo zingapangitse chule kukhala ndi poizoni. Ndinkayembekeza yankho la anthu a sukulu. Anati sakudziwa. Akuganiza kuti ayi, chifukwa nyerere zathu si za kunkhalango kuja ndipo masiku atatu ndi ochepa, koma sangalumbire. Anawonjezera kuti nyererezo zikanatha kupha achulewo ngati zinayenda pa kapinga wopoperedwa mankhwala.

Tadala ali bwino. Achule asanu onse ali moyo. Koma mutu wanga sunapume.

Taganizani, chinthu chimabadwa chopanda vuto, n'kukhala choopsa chifukwa cha zimene chadya. Ndipo icho chimadya poizoniyo osafa. Chimamusunga pati? Ndinafunsanso chifukwa chake achulewa ndi okongola chotero. Madamu anati mtundu wowalawo ndi chenjezo kwa mbalame ndi njoka, kuti ukandidya uona. Achule athu a m'dambo amabisala ndi mtundu wa matope, awa amavala zowala kuti aonedwe. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sindinkadziwa kuti pali chule amene mwambiwu umamukwana chonchi.

Tsono ndikufunseni, anzanga a m'malayini a antchito ndi inu mabwana. N'chifukwa chiyani timapatsana malamulo opanda chifukwa chake? Madamu akanandiuza tsiku loyamba kuti nyerere ndiye gwero la poizoni, kodi ndikanayandikira mtengo wa mapeyala uja? Anandiuza “musagwire” basi. Inenso ndinangoti chabwino, kuopa kuoneka mbuli. Safunsa anadya phula.

Kumunda ndi chimodzimodzi. Bambo ake a Tadala amauzidwa kuti lero musalowe gawo lakuti. Chifukwa? Palibe amanena, palibe amafunsa. Ena amadutsamo chidule, poganiza kuti akapitawo angofuna kuvuta, chonsecho mwapoperedwa mankhwala dzulo lake. Kunyumba nakonso, mwana timangomukalipira kuti siya icho. Ine ndinamuuza Tadala “siya” kangati pa galasi lija? Mwina ka handiredi. Sindinamunyamulepo n'kumuonetsa bwinobwino, n'kumuuza kuti awa timaonera maso okha chifukwa amapweteka. Anadikira nditatuluka kuti akadzionere yekha. Wazaka ziwiri amamva zochepa, inde. Nanga ine wa zaka twente-fili, ndinasiyana naye pati?

Lachisanu madamu anaika kaloko pa kachitseko. Atatha anakoka mipando iwiri n'kundiuza kuti ndifunse chilichonse. Ndinafunsa funso langa lakale lija, loti chule amawetedwa kuti atani. Anati dikirani. Tinapopera madzi, tinakhala phee, ndipo wachikasu uja anatupitsa khosi n'kuyamba kulira, kamawu konjenjemera ngati ka mbalame. Tadala ali pamiyendo panga analoza, manja ake ine nditawagwira zolimba.

Sindikudziwabe ngati limenelo ndi yankho. Nsapato yanga anaitola amayi ena othyola tiyi, n'kundifunsa chimene ndinkathawa. Ndinawauza zonse, kuyambira pa nyerere.

Inu, ndi lamulo liti limene mwalisunga zaka zonsezi, kapena kuliphwanya mwakachetechete, musanafunsepo kuti n'chifukwa chiyani?