Mtanda Wofiira pa Khoma la Amayi

Ndinakulira kuseri kwa msika wa Mitundu, pamalo pomwe anthu otopa ndi utenanti wa fodya ankangofika n'kumanga osafunsa munthu. Nyumba zinali zothithikana moti mnansi akamakazinga usipa, ndiwo zako zamasamba zinkakoma. Dzinja likafika, madzi a kumsika ankalowera pakhomo n'kutulukira kuchipinda. Komabe nyumba yathu inali yathu. Amayi anaumba okha njerwa zake atachoka ku esiteti bambo atamwalira, ndipo ankanena monyada kuti palibenso bwana amene adzawauze kuti longedzani.

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lina, ovala zipewa zofanana. Anatisonkhanitsa n'kulankhula za chitukuko: ngalande, mjigo, msewu. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Kenako mmodzi wa iwo anayenda ndi chitini cha penti yofiira, akulemba mtanda pa nyumba zina. Sanafotokoze kanthu, ndipo ife anthu opemphera sitikanaopa mtanda. Pofika madzulo aliyense anali atamva kuti nyumba za mtanda ndi zimene zasankhidwa kulandira malata.

Yathu anaidumpha.

Amayi anapsa mtima. "Andidumphe ine wamasiye, akalembe kwa uja wotcheza kachasu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anakapempha penti yotsala kwa mmisiri wolemba zikwangwani n'kudzilembera mtanda wawo. Unali wokongola kuposa yonse, wowongoka ngati wa paguwa. Anansi anabwera kudzawayamikira nzeru.

Malata sanabwere. Kunabwera chigalimoto chogumula nyumba kuti msewu upeze podutsa. Woyendetsa wake sankadziwa aliyense, ankangotsatira mitanda. Atatembenukira kwathu, amayi anaima kutsogolo kwake manja ali m'mwamba.

"Bambo, taimani! Uwu ndalemba ndekha!"

Iye anasuzumira pawindo. "Mayi, aliyense akunena zomwezo."

Tinangotulutsa mphasa ndi mapoto. Eni mitanda yeniyeni anawapatsa malo kwina. A bungwe anatimvera ife chisoni kwambiri, koma anati nyumba yathu sinali m'njira ya msewu, choncho kwa iwo inali isanagwe.

Ndisaname, chitukuko chinabweradi. Ngalande zilipo, matope anachepa. Ndipo poti pambali pa msewu panapezeka malo opanda nyumba, anakumbapo mjigo. Azimayi amapanga mzere ndi ndowa zawo pamene panali chipinda cha amayi, ndipo onse amayamikira kuti a bungwe anasankha malo abwino.

Amayi anabwerera ku esiteti ina cha ku Nathenje, kukasoka fodya ndi maso okalamba, kumene bwana ndiye amanena tsiku lolongedza. Ku Mitundu sanapondekonso. Ulendo wina nditawauza kuti ndadzera kumeneko, anafunsa:

"Madziwo ukuti akukoma?"

Ndinkafuna kunena kuti ndi amchere, koma amayi anga sanandiphunzitse bodza. Ndinawauza kuti akukoma.