Dengu la Mafoni

Kwathu ku Chikwawa kulibe chokwera. Mapiri timangowaonera patali, ndipo chinthu chachitali chimene ndinakwerapo ndili mwana chinali chulu, chaka chimene madzi anasefukira m'mudzi. Ndiye boma litanditumiza kukaphunzitsa kunyanja, kumpoto kwa Nkhata Bay chakufupi ndi Usisya, ndinaona ngati andilanga. Sukulu inali pakamchenga kopanikizika, nyanja kutsogolo, phiri kumbuyo, ndipo phirilo silinkadziwa kupendekera, linangoima njo ngati khoma.

M'mudzimo netiweki ya foni munalibe. Inkagwira pamalo amodzi okha, pamwala waukulu wosalala umene unali pamwamba penipeni pa phirilo. Koma si onse akanatha kukwera. Kunali nkhalamba, amayi oyembekezera, asodzi otopa ndi nkhafi, pomwe pafupifupi khomo lililonse linali ndi wake ku Joni kapena kutauni. Choncho anthu anali ndi kachitidwe kawo. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, amene akukwera ankatenga dengu n'kuyenda khomo ndi khomo. Aliyense ankaikamo foni yake, atamangirira kaulusi kapena kansanza kuti isasokonekere. Ukafika pamwamba unkaika dengulo pamwala n'kudikira, mauthenga n'kuyamba kulowa, mafoni ali tswii tswii ngati anapiye. Ina ikaitana unkayankha ndiwe, n'kusunga mawuwo pamtima mpaka ukawatule kwa mwini wake yekha. Wa pakamwa pong'ambika sankamupatsa dengu kachiwiri.

Tsiku loyamba kukwera ndinachititsa manyazi mtundu wanga wonse. Ndinkangokhala pansi paliponse pamene pali mthunzi, ndili wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Amayi osenza mitolo ya nkhuni ankandipitirira akucheza.

"Amadamu, m'miyendomo mukusowa kondowole," mmodzi anatero, anzake n'kufa nazo kuseka. Ankanena nsima yawo ya chinangwa, imene ine ndinkaikana masiku amenewo.

Ndinapsa mtima, koma sindinabwerere. Kumudzi ndinali nditasiya mayi anga akudwala mtima, miyendo itatupa, akusamalidwa ndi mchimwene wanga. Njira yokha yomvera mawu awo inali mwala umenewo. Ndinakwera Lamulungu lililonse mpaka miyendo inazolowera, ndipo mvula isanabwerenso anthu anayamba kundipatsa dengu ine wakuchigwa yemwe.

Kukongola kwa pamwambapo sindingakane. Nyanja yonse inkaoneka, mabwato ali ngati nthangala za dzungu, ndipo kukacha bwino unkaona mpaka mapiri a tsidya lina. Ifenso maso tinali nawo. Kungoti netiweki inkachokera kumtunda, ndiye tonse tinkaima titaifulatira nyanjayo, mkono uli m'mwamba.

Kenako kunabwera bwana wina wa kutauni pa boti la injini ndi anzake. Anakwera, anaona, anagwira pakamwa. Sipanapite nthawi tinangoona mizati ikukwera phiri pamapewa a anyamata, kenako waya, geti, mabenchi, tizisakasa taudzu ndi chikwangwani cha Chingerezi. Akuti malowo ndi oti alendo azidzapumirako kumapeto kwa sabata, akuotcha nyama ndi kujambula nyanja. Mmene anawapezera malowo akudziwa ndi amene anagwirana naye chanza. Pageti anaikapo mlonda, bambo wa m'mudzi momwemo, mkulu wa mpingo amene ndinkapemphera naye ndiponso ndinkaphunzitsa mwana wake.

Lamulungu loyamba geti litaikidwa, mlondayo anandibweza. Anandiuza mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, kuti bwana analamula kuti pamwala pazifika alendo okha. Ndinatsika ndi dengu lili zii. Ndinayenda khomo ndi khomo kubweza mafoni opanda kanthu, ndipo palibe anandikalipira, chimene chinandiwawa koposa. Uthenga womaliza umene ndinali nawo wochokera kwathu unali woti mayi awatengera kuchipatala. Zoti agonekedwa kapena atuluka sindinkadziwa.

Sabata imeneyo ndinaphunzitsa ngati munthu wobwereka. Choko chili m'manja, mtima uli ku Chikwawa. Amuna a m'mudzi anakumana pansi pa mtengo wa mango, anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugwirizana kuti adzakumanenso. Ahedi a pasukulu pathu atamva kuti ndikuwiringula anandiitanira mu ofesi.

"Amadamu, inu ndinu wa boma, komanso ndinu mlendo kuno," anatero. "Mlendo ndi mame. Za malo asiyireni eni ake, dikirani msonkhano."

"Zikomo, ahedi," ndinayankha, "koma matenda a mayi anga sakudikira msonkhano."

Lamulungu lotsatira ndinatenga dengu. Ena anazengereza, poopa kuti mafoni awo alandidwa. Woyamba kuponyamo yake anali mayi wina wokalamba wa pafupi ndi tchalitchi, amene mwana wake wamwamuna anali ku Joni. Foni yake inali ndi ulusi wofiira. Mayiyo anali apongozi ake a mlonda uja, ndipo poiikamo anandiyang'ana m'maso. Ena ataona zimenezo anatsatira, dengu linadzaza kuposa masiku onse.

Ndisanafike n'komwe ndinayamba kumva nyimbo ndi fungo la nyama yootcha. Alendo analipo. Mlonda atandiona nkhope yake inagwa.

"Yewu, amadamu, chonde bwererani," anatero motsitsa mawu, atayamba ndi moni wa kumeneko. "Bwana alipo lero. Ntchito yanga ithera pompano."

"Ada," ndinamuitana monga amaitanira abambo kumeneko, "benchi yawo sindikuifuna, nyama yawo sindikuifuna. Ndikufuna mwala."

"Ine ndangotumidwa, amadamu."

"Inenso ndatumidwa." Ndinatula dengu, n'kutulutsa foni ya ulusi wofiira ija. "Iyi mwaidziwa? Nditsike ndikawauze apongozi anu kuti amene wabweza foni yawo pageti ndi mkamwini wawo?"

Anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa chake, n'kunena kuti akukaona waya kuseri, mwina mbuzi zaboola. Geti sananditsegulire, ndipo ndimamuchitira umboni pamenepo. Linali lomanga ndi chingwe cha nayiloni, cha mtundu womangira maukonde. Ndinamasula ndekha, ndinasenza dengu langa n'kulowa.

Ndinadutsa pakati pa alendo aja ndi chitenje changa cha kutchalitchi, mapazi ali mbuu. Anali anthu ovala bwino, magalasi akuda m'maso, mabotolo m'manja. Bwanayo ananyamuka pabenchi.

"Mayi, mukugulitsa chiyani? Kuno si kumsika."

Ndisanayankhe, dengu linayankha lokha. Ndinali nditafika pamene netiweki imayambira, ndipo mauthenga onse amene anaunjikana masabata awiri aja analowa nthawi imodzi. Pamutu panga panali phokoso la mtundu uliwonse, ina ikulira ngati tambala, ina ikuimba nyimbo ya kwaya, ina ikungonjenjemera. Alendo anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mtsikana wina anandilozetsa foni yake kuti andijambule. Kwa iwo chinali chisudzo, pomwe m'dengumo munali maliro, matenda ndi ana obadwa a mudzi wonse.

"Malo ano ndi anga, mapepala ndili nawo," bwana uja anakweza mawu. "Tulukani, apo ayi ndiitana apolisi."

"Aitaneni, bambo," ndinatero. "Netiweki ndi imeneyi, yagwira bwino. Pamene boti lawo lizidzafika ine ndidzakhala nditamaliza."

Ndinakwera pamwala, ndinaika dengu pansi, ndinawafulatira iwo pamodzi ndi nyanja yawo. Foni yanga inali ndi mauthenga a mchimwene wanga okhaokha, onse mawu amodzimodzi: imbani msanga. Ndinamuimbira pomwepo. Itagwira, iye sanandipatse n'komwe moni.

"Achemwali, munali kuti? Akhala akukufunsani. Dikirani ndiwaike pakhutu."

Ndinamva kupuma kolemera, kenako mawu a mayi, aang'ono ngati a mwana.

"Ndiwe?"

"Ndine, mayi."

"Nanga nyimbozo? Uli ku ukwati?"

"Ayi, mayi, ndili paphiri."

"Iwe, paphiri? Ndi miyendo yako ija?" Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Ndinadikira mpaka chinatsika. "Usagwe, mwanawe," anatero.

Mchimwene wanga anatenganso foni n'kundiuza kuti ndinyamuke msanga, ndibwere kumudzi. Ndinalira pamwala pomwepo, mokweza, osabisa nkhope, ndipo wina kumbuyo kwanga anazimitsa nyimbo. Sindinacheuke kuti ndione amene wazimitsa. Nditapukuta misozi ndinakhala pansi n'kudikira mpaka foni yomaliza m'dengu itasiya kulira, chifukwa ntchito imene anandituma inali imeneyo. Bwana uja sanandiyankhulenso.

Potuluka ndinapeza mlonda wabwerera pageti. Anayang'ana kumbali n'kufunsa chapansipansi, "Ya ulusi wofiira ija yalira?"

"Yalira, ada. Koma mawu ake ndi a mwini wake."

M'mawa mwake ndinakwera boti, kenako maminibasi osinthasintha mpaka kwathu. Ulendo wake ndi wautali. Ndinawapeza mayi akupuma, koma atasiya kale kuyankhula, ndipo sanayankhulenso mpaka tinawaika.

Nditabwerera kusukulu ndinapeza amuna aja akadali pa misonkhano, geti likadali pomwepo, koma amayi a dengu anali ataphunzira kumasula chingwe. Ahedi anandipepesa maliro, kenako anandikumbutsa kuti ndinachita zosayenera munthu wa boma. Ndinawayamikira chifukwa cha chipepesocho basi. Ndikanamvera iwo, bwenzi lero ndilibe kanthu. Mawu omaliza a mayi anga amene ndili nawo ndi aja akuti ndisagwe, ndipo ndinakawatenga pamalo a mwini, nditamasula ndekha chingwe cha geti lake. Aliyense amene akufuna kuti ndipepese adikire msonkhano.